Khasu kapena moto: titeteze bwanji phiri la Zomba?

Okutobala akafika, usiku timaona moto ukukwera phiri la Zomba ngati mkanda wofiira. Kawirikawiri amauyatsa ndi osaka mbewa kapena ootcha makala. Ife a m'munsi mwa phiri tili ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kulambula njira zotchinga moto. Amfumu amamema mudzi, aliyense khasu ndi chikwanje m'manja, udzu kuupala mpaka dothi lionekere. Mitengo yothithikana timapatulira, nthambi zouma za paini amayi n'kutola nkhuni. Ntchito yake ndi yowawa, manja amatuluka matuza, ndipo chaka chilichonse timayambiranso. Mphepo ikakula, moto umathanso kulumpha.

Yachiwiri ndi kutentha dala udzu msanga, mu Meyi kapena Juni, usanaumitsitse, kuti moto wa Okutobala usadzapeze chotentha. M'mawa kukadali mame moto umangokwawa, ndipo anthu ochepa amakwanira. Koma masamba a paini ounjikana pansi amabisa moto, mawa lake n'kuyakanso. Timitengo tating'ono sitipirira.

Ine ndili kumbali ya khasu, makamaka kumtunda kwa damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene timamwa mumzinda muno. Kutentha kukhale kwa malo a udzu okhaokha, alangizi a zankhalango ali pomwepo.