Bulangete la hatchi lokhala ndi khosi: latchinga chiperoni, koma ladya manyenje

Aliyense amene anagonapo pamwamba pa phiri la Zomba mwezi wa Juni kapena Julaye amadziwa kuti kuzizira kwa kumeneko n'kosiyana ndi kwa m'tauni. Nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo chiperoni chikabwera, mvula yamawawa imatha kugwa masiku atatu osakata, nkhungu itakuta mitengo ya paini moti munthu amafika pafupi ndi damu la Mulunguzi asanaone madzi ake. Ine ndimasunga mahatchi awiri chakumtunda kumeneku, ndipo imodzi mwa iwo, yaikazi yofiirira, yakalamba ndithu. Chaka chatha inaonda kwambiri m'nyengo yozizira, nthiti zikuchita kuwerengeka, chifukwa chakudya chimene inkadya chinkathera pa kulimbana ndi mphepo. N'chifukwa chake chaka chino ndinaganiza zoigulira bulangete la panja, lija losalowa madzi limene hatchi imavala ikamadya kubusa, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene landithandizira ndiponso pamene landikhumudwitsa.

Ku Zomba kuno sindinapeze sitolo yogulitsa katundu wotereyu, choncho ndinatuma mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg. Limene anabweretsa ndi la mtundu wokhala ndi khosi losokerera, kutanthauza kuti nsalu yophimba thupi ndi yophimba khosi zinasokedwa pamodzi ndipo sizichotseka. Pa pepala lake panalembedwa 1200D, nambala imene imasonyeza kukula kwa ulusi wa nsalu yakunja. Mabulangete ambiri otsika mtengo amakhala a 600D, pomwe olimba kwambiri amafika 1680D, motero langali ndi lapakati koma lopendekera ku olimba. M'kati mwake muli thonje lopanga lolemera magalamu 100, lomwe ndi lopepuka poyerekeza ndi a magalamu 300 kapena 400 amene amavekedwa mahatchi ometedwa ku mayiko a chipale chofewa. Dzina la kampani sinditchula, popeza vuto limene ndifotokoze limapezeka pa mabulangete ambiri osokedwa mwa njira imeneyi.

Pa nkhani ya madzi ndilibe dandaulo ngakhale limodzi. Mmawa wina, titagona ndi chiperoni usiku wonse, ndinapeza hatchi itaima pansi pa mtengo, madzi akuyenderera pa bulangete ngati pa tsamba la nthochi. Nditalowetsa dzanja kuseri kwa mapewa ndinapeza ubweya uli gwa, wouma ndiponso wofunda bwino, pomwe inzake yopanda bulangete inali itanyowa mpaka pakhungu. Malamba awiri opingasa a pansi pa mimba ndi a m'miyendo yakumbuyo anagwira ntchito yawo, chifukwa ngakhale hatchi imakonda kugubuduka m'matope, bulangete silinatembenukepo. Tsiku lina linakodwa pa waya wa mpanda n'kung'ambika pang'ono, koma chibowocho sichinakule, popeza nsaluyo inalukidwa ndi ulusi wolimba wopingasapingasa umene umaimitsa kung'ambika. Chofunika koposa n'chakuti hatchi sinaonde chaka chino.

Vuto linaonekera sabata yachitatu. Mnyamata amene amandithandiza kukhola anandiitana kuti, "Bambo, tabwerani mudzaone zimene zili m'kati mwa bulangeteli." Anali atalitembenuza pa mpanda, ndipo mzere wonse wa m'khosi unali bii ndi litsiro lamafuta, ubweya wautali utamatirira pamenepo ngati tsitsi lotsalira pa chipeso. Titayang'ana hatchi, tinaona kuti manyenje ake, ubweya wautali uja wotsika m'khosi, anali atayoyoka kuyambira pamene khosi limakumana ndi msana, pamalo otukuka amene pa ng'ombe timati linunda, kukwera m'mwamba kutalika ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Kumunsi kwenikweni kunali dazi loti see, ndipo pamwamba pang'ono ubweya unali utaduka pakati, wotsalawo utaima ngati ziputu za udzu wopserera. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa manyenje si okongoletsa chabe: amathamangitsa ntchentche m'khosi, amatsetsereza mvula, ndipo amakula pang'onopang'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri pa mwezi. Chimene bulangete linadya m'masabata atatu chimafuna chaka kapena kupitirira kuti chibwerere mwakale.

Ndisanaliimbe mlandu bulangete, ndinayamba ndafufuza ngati hatchi sinkadzikanda yokha. M'nyengo yozizira nsabwe zimachuluka mu ubweya wokhuthala, nkhupakupa nazo zimakonda kubisala m'tsinde mwa manyenje, ndipo palinso tizilombo touluka ting'onoting'ono totchedwa Culicoides, timene timayabwitsa khosi ndi mchira komanso kufalitsa matenda oopsa a mahatchi a muno mu Africa, ngakhale timachuluka kwambiri m'dzinja kusiyana ndi nthawi yozizira. Hatchi yoyabwidwa imadzikhula pa mitengo ndi pa mizati, khungu lake limakhala ndi nkhanambo, ndipo kawirikawiri tsinde la mchira nalo limanyonyoka. Yanga inalibe chilichonse mwa zimenezi. Khungu linali losalala, mchira uli bwinobwino, ndipo dazi linali ndendende pamene msoko wolumikiza khosi ndi thupi la bulangete umakhala.

Nditakhala tsiku lathunthu ndikuiyang'anitsitsa ikudya, ndinamvetsa chimene chinkachitika. Hatchi ikasiyidwa kubusa imatha maola ambiri a tsiku, mwina mpaka 16, mutu uli pansi. Ikaweramitsa mutu, khosi limatalika ndipo nsalu imakokeka n'kuthina pamwamba pa manyenje. Ikadzutsa mutu, nsaluyo imabwerera n'kukwinyika pamalo omwewo. Kukhuzana kumeneku kumachitika kambirimbiri pa tsiku, ndipo popeza khosi la bulangete linasokeredwa ku thupi, kulemera konse kwa bulangete, makamaka likanyowa ndi kumata matope, kumakokera kumbuyo n'kutsamira pa msoko umodziwo. Opanga anaikapo kachikopa kaubweya wopanga kuti pakhale pofewa, koma kameneka ndiko kanaipitsa zinthu, chifukwa kanamwa mafuta a pakhungu, mfundu ndi fumbi mpaka kanauma n'kukhala kokhakhala. Nsalu yoterera ikakhala yoyera ubweya umatsetsereka pansi pake, koma ikada imagwira ubweya n'kuuzula.

Mbali ina ya mlanduwu ndi yanga, ndipo ndiyenera kuivomera. Chiperoni chikatha, dzuwa la pa phiri limawomba ndithu masana, koma ine ndinkasiya hatchi ili chivalire poopa kuzizira kwa madzulo. Hatchi yosametedwa, ikakhala youma ndiponso yokhuta, imapirira kuzizira kuposa munthu, ndipo imakhala bwino kuyambira pa madigiri 5 mpaka 25. Chimene chimaivuta ndi mvula yophatikizana ndi mphepo. Ine ndinkaiveka malinga ndi mmene thupi langa linkamvera, motero inkachita thukuta m'khosi, khungu n'kufewa, mizu ya ubweya n'kufooka, ndipo kukhuzana kuja kunkapeza ntchito yatheka kale.

Kugula lina sikunali kotheka pakati pa nyengo, choncho ndinalichapa n'kupita nalo kwa telala wina wachikulire amene amasoka pakhonde pafupi ndi msika wa Zomba, yemwe amakonzanso zikwama ndi matenti. Analiyala pa benchi, nalisisita ndi chala pa msoko, kenaka anafunsa kuti, "Kodi achimwene, chiwetochi chimadya mutu uli pansi tsiku lonse?" Nditavomera, iwo anati, "Ndiye kuti nsalu ziwirizi siziyenera kukokana. Tizilekanitse." Sanaonepo bulangete la hatchi chiyambire, koma anazindikira vuto lake msanga kuposa ine. Anasula msoko wonse wa m'khosi, napinda m'mphepete mwa zidutswa ziwirizo ndi lamba wa nayiloni, kenaka anasokerera mphete zitatu pa thupi la bulangete ndi timalamba titatu tomata pa khosi, kuti khosilo lizimangidwa pamene likufunika ndi kuchotsedwa pamene silikufunika. Anaonjezeranso kachidutswa ka nsalu yosalowa madzi kumunsi kwa khosi kuti kaziphimba polumikizira, madzi asamalowe. Kachikopa kaubweya kaja anakachotsa, ndipo m'malo mwake anaika nsalu ya satini imene tinadula ku diresi ya pa kaunjika, mzere wotambalala ngati zikhatho ziwiri kuyambira pa linunda mpaka kuseri kwa makutu.

Ntchito yawo ndikuiyamikira, ngakhale panali cholakwika chimodzi chimene aliyense wotengera njira imeneyi ayenera kusamala nacho. Posokerera satini, singano inapyoza nsalu yakunja pamalo ena, ndipo mvula yotsatira madzi anadontha m'timabowo timeneto n'kunyowetsa khosi. Nsalu yosalowa madzi ili ndi utoto wapulasitiki kuseri kwake, choncho bowo lililonse la singano limasanduka njira ya madzi. Nditabwerera nalo, bambowo sanakane. Anasula, nasokerera satini ku nsalu ya m'kati yokha ndi m'mphepete, timabowo tija n'kutimata ndi guluu wa matenti, osandilipiritsanso. Ndalama zonse zimene ndinawapatsa sizinafike pa mtengo wa thumba limodzi la chakudya cha hatchi.

Komabe satini payekha sakanathetsa vutoli tikanapanda kusintha kasamalidwe. Tsopano bulangete limavulidwa tsiku lililonse mmawa, ngakhale kwa ola limodzi lokha kukakhala mvula, kuti khungu lipume ndiponso tione ngati pali pamene payamba kunyuka. Mnyamata uja amapukuta satini ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo litsiro limene limatsalira pa kansaluko limadabwitsa nthawi zonse. Manyenje timawasula ndi zala, osati ndi chipeso, n'kuwagoneka mbali imodzi tisanaveke bulangete, chifukwa ubweya wopindikira pansi pa nsalu ndi umene umayamba kuduka. Timawapoperanso mankhwala oteretsa ubweya, aja okhala ndi silicone, koma pang'ono pokha ndipo osafikitsa pokhala chishalo, kuopa kuti chingamaterereke. Mafuta odzola a anthu ndinawayesa kamodzi n'kuwasiya, popeza amakoka fumbi n'kubweretsanso litsiro lomwe tikulithawalo. Ena amalangiza kuluka manyenje, koma ine ndinaona kuti mfundo zake zimasanduka timibulu totsamiridwa ndi nsalu, ndipo ubweya umaduka pamenepo. Pochapa bulangete lonse sitigwiritsa ntchito sopo waufa, chifukwa amachotsa mankhwala othamangitsa madzi a pa nsalu yakunja. Madzi ozizira ndi burashi yofewa zimakwana, kenaka kuliyanika pamthunzi.

Khosi la bulangete timalimanga pokhapokha chiperoni chikagwa ndi mphepo. Masiku ena onse hatchi imavala thupi lokha, ndipo dzuwa likatuluka imavulidwa kotheratu mpaka madzulo.

Pali chinthu chinanso chimene ndikanachita bwino ndisanatume mlamu wanga, ndicho kuyeza hatchi ndi tepi m'malo mongoyerekeza ndi maso. Mabulangete otsata kayezedwe ka ku Britain amayezedwa kuchokera pakati pa chifuwa, kudutsa m'mbali, mpaka kumapeto kwa thako, ndipo masaizi ake amalembedwa m'mafiti ndi mainchesi n'kumasiyana ndi mainchesi atatu, monga 5'9", 6'0" ndi 6'3". Ine ndinaitanitsa 6'0", koma nditayeza pambuyo pake ndinapeza kuti hatchi yanga ndi ya 5'9". Anthu ambiri timaganiza kuti lalikulu ndilo labwino chifukwa silithina, pamene zoona zake n'zakuti bulangete lalikulu limatsetserekera kumbuyo, n'kukakhala kuseri kwa linunda m'malo mwa kutsogolo kwake, ndipo limakoka pachifuwa ndi pa manyenje nthawi imodzi. Lokwana bwino limakhala patsogolo pa linunda, dzanja limalowa mosavuta kuzungulira m'khosi ndi pa mapewa, ndipo malamba a pansi pa mimba amasiya mpata wa chikhatho chimodzi. Telala uja anasuntha zomangira za pachifuwa kuti bulangete libwere kutsogolo, ndipo zimenezi zinathandiza kwambiri.

Kwa munthu amene ali ndi hatchi yokalamba kapena yowonda kumalo okwera ndi onyowa ngati kuno, bulangete la 1200D la magalamu 100 ndi katundu woyenera ndalama zake, ndipo pa kulimba ndi kutchinga madzi ndikulivomereza ndi mtima wonse. Koma la khosi losokerera sindingalimbikitse munthu wa kuno kugula, chifukwa nyengo yathu imasintha pa tsiku limodzi lomwelo, kuchoka pa nkhungu ya mmawa kufika pa dzuwa la masana, ndipo bulangete lotere silikupatsa mwayi wovula khosi lokha. Likanakhala la khosi lochotseka, lokhala ndi nsalu yoterera m'malo mwa kachikopa kaubweya, zonse zimene ndafotokozazi mwina sizikanachitika. Kwa amene amaweta kumunsi, chakunyanja ya Chilwa kumene kumatentha, sindikuona chifukwa chogulira bulangete lokhala ndi thonje n'komwe, ndipo hatchi yanga inayo, yomwe ndi yamphamvu ndiponso yonenepa, yatha nyengo yonse yopanda kuvala kanthu popanda vuto.

Pofika kumapeto kwa Ogasiti, pa dazi paja panali patamera ubweya watsopano wotalika ngati theka la chala chaching'ono, woima chilili, ndipo palibenso pena paliponse pamene panayoyoka chikonzereni bulangete. Ndalichapa, ndaliyanika, ndipo ndalisunga m'mgolo wotseka kuopa makoswe. Mwezi wa Meyi ukubwerawu, chisanu chisanayambe, ndidzapita nalonso kwa telala uja kuti akasinthe satini, chifukwa wayamba kuperepeseka pa linunda.