Banki, ntchito ya madola, kapena kampani yoika anthu patsogolo?

Wolemba mapulogalamu a kompyuta mu Lusaka muno nthawi zambiri amasankha pa zitatu izi.

Ku banki kapena ku kampani ya mafoni malipiro sachedwa. Koma mabwana ndi ambiri, ganizo lanu limakalamba lisanafike kwa woligamula, ndipo makina akavuta kumapeto kwa mwezi mumachezera ku ofesi.

Kontrakiti ya kunja imakoma kwacha ikagwa. Kungoti muli nokha: palibe wokuikirani gawo lake ku NAPSA (thumba la penshoni) kapena NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo), za msonkho ku ZRA muziona nokha. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ambiri anagula sola ndi ndalama zam'thumba, poti kasitomala wa ku London samva zoti malaiti apita.

Ine mtima wanga uli pa yachitatu, kampani ya software yomwe utsogoleri wake umasamala anthu, makamaka kwa wongotuluka kumene ku yunivesite ya UNZA. Pamalo otere wachinyamata akaphwanya pulogalamu, funso limakhala lakuti cholakwikacho chinadutsa bwanji osachiona, osati "ndani wachita izi?" Wamkulu amakhala naye pansi n'kuwerenga code mzere ndi mzere. Manijala amapatula nthawi yocheza ndi aliyense payekha, ndipo wokhala ku Chelstone amamulola kugwirira kunyumba m'malo mothera m'mawa wonse pamzere wa magalimoto wa Great East Road.

Komabe musakomedwe. Masabata 14 a tchuthi cha uchembere, masiku 5 a abambo mwana akabadwa ndi masiku 12 a maliro ali mu Employment Code Act ya 2019. Bwana wopereka izi wangotsatira lamulo. Chifundo chake muchione mukakhala pamaliro ku Katete: foni ikulira kufunsa za ntchito, kapena anzanu agawana gawo lanulo? Ndipo mawu oti "pano ndife banja limodzi" ena amawagwiritsa ntchito pokusenzetsani Loweruka lopanda malipiro.

Ndalama za kampani yotere kawirikawiri ndi zocheperapo, ndipo kasitomala wamkulu mmodzi akachoka kampani yonse imagwedezeka. Amene ali ndi ana kusukulu zolipira, banki ingamuyenere.

Musanasaine, funsani amene anachokako. Ku BongoHive, malo okumanira a zaluso la makompyuta, anthu amadziwana. Mukayamba, onani ku NAPSA ngati 5 peresenti imene akukudulani pa malipiro ikufikadi.