Kashopu ka zitsamba ku Old Town, ndakonda sikelo yawo koma mabotolo aja ayi

Loweruka lapitali ndinapita ku Old Town ku Lilongwe kukawagulira amayi ufa wa chammwamba, ndiye mnzanga wina anandilozera kashopu kena ka mankhwala azitsamba chakufupi ndi depoti ya mabasi, kakang'ono ndithu, mashelefu atatu ndi kauntala basi. Dzina sinditchula chifukwa pali chabwino komanso pali chomwe chandidandaulitsa.

Nditangolowa maso anga anagwera pa sikelo. Sikelo yeniyeni yoyeza magalamu, osati zija zotapa ndi dzanja kapena kachitsekero ka botolo. Mayi ogulitsawo asanandipatse kanthu anandifunsa kaye kuti odwalawo ali ndi zaka zingati komanso akumwa mankhwala anji akuchipatala, nditawauza kuti a BP tsiku ndi tsiku anati "achimwene, chammwamba ndi ndiwo, muziwathirira m'phala supuni imodzi, koma mapiritsi aja asasiye ayi." Ndili pomwepo kunabwera bambo wina akufuna masamba a nimu akuti mwana watentha thupi kuyambira dzulo, mayiwo anakana kuwagulitsa, anawauza kuti athamangire kuchipatala mwana akayezedwe malungo, akapezeka nawo alandire LA. Ndalama anaisiya ikupita iwo akuona. Zinandikhudza kwambiri zimenezi.

Nkhani ya muyezoyi ine ndimaitenga mozama chifukwa ndi pomwe mankhwala amasiyanirana ndi poizoni, ndipo si nzeru ya lero. Paracelsus, dokotala wa ku Switzerland yemwe anabadwa mu 1493, ankaphunzitsa kuti chinthu chilichonse chikhoza kupha, kuchuluka kwake ndi komwe kumanena ngati chichiza kapena chiwononga. Nthawi imeneyo ku Ulaya chindoko ankachiza ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, anthu mano kugweruka, malovu kuchucha, ena kufa ndi mankhwala omwewo. Khungwa la mtengo wa cinchona litafika ku Ulaya kuchoka ku Peru cha m'ma 1630 linkachizadi malungo, ankalisinja n'kumwera mu vinyo, koma vuto linali lakuti khungwa lina lamphamvu lina lofooka ndiye munthu samadziwa kuti wamwa zochuluka bwanji, mpaka mu 1820 pomwe Pelletier ndi Caventou ku Paris anatulutsamo kwinini weniweni woti n'kuyeza pa sikelo.

Ndipo musaganize kuti ndi za azungu zokha. Kombe wathu yemweyu, chomera cha mbewu zapoizoni, amene Amang'anja ankapaka ku mivi kuchigwa cha Shire, John Kirk anamuona ali paulendo ndi Livingstone cha m'ma 1860, kenako Thomas Fraser ku Edinburgh anatulutsamo strophanthin yemwe anakhala mankhwala a mtima. Mbewu imodzimodziyo, pa muvi ikugwetsa nyama, pang'ono zedi ikuthandiza mtima wofooka. Ndiye munthu akandiuza kuti "zachilengedwe sizipweteka, ingomwani" ine mtima umandipweteka.

Apa ndi pomwe shopuyi yandikhumudwitsa. Shelefu yakuzenera yadzaza mabotolo a madzi akuda bii, lebulo yake ikuti amachiza shuga, BP, zilonda zam'mimba, nyamakazi, kusabereka, zonsezo botolo limodzi. Palibe polemba kuti muli mitengo yanji, palibe deti lomwe anapanga kapena lothera ntchito, muyezo angoti "kapu imodzi" ngati makapu onse m'Lilongwe muno ndi ofanana. Dzuwa la masana likuwomba pomwepo, botolo lina chitsekero chitatupa. Nditafunsa anati amabweretsa ndi anthu ena iwo amangowagulitsira. Ndinawauza mwaulemu kuti mayi, munthu wa shuga akakhulupirira botolo ili n'kusiya mankhwala ake, wagula kwa inu, sadziwa za amene anabweretsa. Anangoti zii kenako anati aganizirapo.

Chammwamba chake ndi chaukhondo, chobiriwira bwino osati chija chofiirira chokhalitsa, paketi yomata ndipo analembapo tsiku lomwe anasinja. Ndinatengakonso chidede ndi ufa wa malambe, wopanda mchenga olo pang'ono. Mitengo yake ndi yokwererako poyerekeza ndi mumsika koma ine sindikudandaula. Ndidzapitanso mwezi wamawa chammwamba cha amayi chikatha, ndipo ndikayamba ndi kuyang'ana shelefu yakuzenera ija.