Sienta ndaikhululukira, koma wondigulitsa uja ayi

Amene mumaonera TV madzulo mukuikumbukira adivati ija ya wogulitsa magalimoto a Sienta. Bambo wa suti akutsegula chitseko chokoka ndi chala chimodzi, ana akulowa motsatizana, kenako mipando yapindidwa, mukulowa matumba a chimanga ndi firiji, uku mawu akunena kuti iyi ndiye galimoto ya banja ndi geni. Ndinaionera kambirimbiri mu shopu mwanga pa Ngabu pano, osazindikira kuti kamera sinayambe yaloza kumaso kwa galimotoyo. Ankaijambula m'kati, m'mbali ndi kumbuyo, basi.

Sienta tonse timaidziwa, ndi imene yadzaza pa siteji pa Nchalo ndi pa Dyeratu. Ine ndinkayesa ndikugula yasiliva ngati ya pa TV ija, imene ndinkaiganizira kuti ndi ya nyali zamakona. Tinagwirizana K8.5 miliyoni, theka ndinapereka mu Okutobala 2023. Mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mnyamata wogulitsa uja n'kuimba foni kuti ndionjezere K1.5 miliyoni. Galimototu inali itadutsa kale pa Songwe, msonkho atalipira ndi ndalama zanga zomwe. Nditamufunsa kuti nanga dola yalowapo pati pamenepa, anangoti, "Bwana, ngati zavuta pali ena akuifuna." Ndinapereka, mtima ukuwawa.

Tsiku lokatenga ku Blantyre ndinapeza chinthu cha mtundu wa papaya wosapsa, maso ozungulira otuzuka, chitanjata pakona. Nditafika nayo kunyumba mayi a ana anaizungulira kamodzi n'kufunsa kuti, "Kodi mwagula galimoto kapena mwatola chule ku Elephant Marsh?" Dzina linamera pomwepo. Mpaka lero anyamata a kabaza akandiona amakuwa kuti chule wadutsa.

Za nkhope ndikanapirira. Chimene chinandipsetsa mtima ndi eyakoni. Pa adivati tsitsi la mayi wina linkauluka ndi kamphepo kozizira. Yanga inayamba kupuma mpweya wa m'ng'anjo nditangotsika zitunda, ndisanawoloke n'komwe mlatho wa Kamuzu. Amene simunakhaleko kuno mu Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, chiwongolero chimawotcha ngati chiwaya. Ndinamuimbira foni wogulitsa uja. Yankho lake: "Bwana, ku Chigwa kwanuko ngakhale firiji imatuluka thukuta." Anaseka yekha n'kudula. Sevisi yaulere imene analonjeza pa TV ija ndinaipitira kawiri, ulendo woyamba makaniko wapita kumaliro, wachiwiri oyilo watha. Ndinasiya.

Kwa miyezi ingapo ndinkaiyendetsa mokwiya, ngati ikanakhala ndi makutu ikanathawa. Zinasintha usiku umene apongozi anga aakazi anaterereka pa mjigo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anatiuza kuti zimenezi n'za madokotala a mafupa ku Queens. Kukhala pansi sankatha, kungowakhudza mwendo amalira ngati mwana. Alamu anga anabwera ndi saluni yawo yonyezimira ija, imene ankandinyoza nayo, tinayesa uku ndi uku, munthu wogona sangalowemo. Ndiye ndinatsegula chule wanga. Mipando iwiri yakumbuyo imapindika n'kubisala pansi pa yapakati, yapakatiyo n'kuikankhira kutsogolo. Tinayala matiresi ndi zitenje ziwiri, anthu anayi tinawanyamula pa bulangete n'kuwalowetsa chogona. Galimotoyi ndi yaifupi pansi, sitinachite kuwakweza m'mwamba ngati pa lole. Mayi a ana anakhala pambali atagwira dzanja, mlamu wamkazi kumiyendo ndi chidebe ndi fulasiki ya phala.

Dzulo lake ndinali nditanyamulamo mbuzi zitatu, ndipo fungo linali lisanathe. Tili pa Bereu apongozi anatsegula maso n'kunena chapansipansi kuti, "Akamwini, mwandigoneka m'khola kodi?" Tonse tinaseka, iwonso anaseka kenako n'kubuula.

Mantha anga anali pa zitunda. Kuchokera pa Thabwa kukwera kumtunda mukudziwa mmene msewu umakhotera, malole a shuga akukwawa kutsogolo, kumbali chiphedi. Injini yake ndi ya 1.5 chabe, ndinkati itentha tigona panjira. Inalira, inde, koma nyali yofiira sinayake ngakhale kamodzi. Ndinayenda pang'onopang'ono kuopa kuwagwedeza, mawindo onse ali pululu, ndipo titafika pamwamba kamphepo ka ku Blantyre kanalowa kokha, kaulere. Pa geti la chipatala ndinatsika n'kuisisita pa boneti. Musaseke.

Chichokereni tsiku limenelo yanyamula mabelo a thonje, mapira, makatoni a sopo, kwaya ya amayi kupita ku Bangula, ndi njinga yamoto yofa. Mafuta imamwa mwaulemu. Masipeyala ali mbwee ku Limbe chifukwa injini yomweyi ilinso mu Probox. Eyakoni anandikonzera mnyamata wina pa Nchalo, linali paipi lobooka, ndalama yake yosafika ngakhale ya matayala awiri, zimene wa ku Blantyre uja akanatha kuchita ola limodzi.

Kuipa kwake n'komwe kuja kunatithandiza: ndi yaifupi. Msewu wa East Bank nthawi ya dzinja musayerekeze, imakhula mimba pa mwala uliwonse, ndipo bampala yakutsogolo ndamanga ndi waya kawiri. Kukongola ndiye sikunabwerebe, ana anga amapempha kuti ndiziwatsitsa patali ndi sukulu.

Galimoto ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Wogulitsa, ziro. Adivati ija ndinaionanso sabata yatha, akuonetsabe yasiliva yomwe ija, kumbuyo kokhakokha.