Kamera yokwera basi ya ku Joni

Nkhani yogula kamera inayamba ndi uthenga wa mawu wochokera kwa amayi. Unandipeza Lamulungu madzulo ndili m'kachipinda kanga ku Cosmo City, ndikusita zovala za ku ntchito. Anajambulitsa pa foni ya mwana wa achemwali, ndipo mawu awo anali a munthu wokhumudwa koma wosafuna kukalipa. "Mwananga, zithunzi zonse zija umatumiza zapita. Foni inadwala, anapita nayo kwa okonza pa Lizulu, yabwerako ilibe kanthu. Ine ndikufuna chithunzi chogwira ndi manja, choti ndikhome pakhoma."

Ndinakhala pansi, simbi ili chiyakire. Zaka 6 ndili kuno ku Joni, ndikugwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg, ndipo zonse zimene kwathu ankadziwa za moyo wanga zinali mu foni imodzi ija. Kunena zoona, zambiri mwa zithunzizo sizinali zolirira. Mukutidziwa ife a kuno: wina watsamira galimoto ya abwana, wina waima pafupi ndi dziwe losambiramo limene iyeyo ndi wongolitsuka. Inenso ndinachitapo. Koma munalinso zithunzi za mwana wanga ali wakhanda, ndipo za kwa ine zinapita kale ndi foni imene anandilanda pa renki ya mateksi m'tauni.

Ndiye ndinaganiza zogula kakamera kakang'ono, kolowa m'thumba la malaya, kongoloza n'kudina. Achemwali amachita geni, amabwera kuno pakapita miyezi itatu kudzaoda katundu. Ndinati kamerayo izikwera nawo basi. Ikakhala kuno ndizijambula za kuno, ndizitsukitsa zithunzi n'kuwapatsira. Ikapita kumudzi ana azijambula za kumeneko, ibwerere ndi zithunzi mu memory card. Wina anena kuti foni imatha zonsezi. Inde imatha, ikakhala yodula. Koma foni yanga ndi banki, ndi ofesi, ndi pamene abwana amandipezera, sindingaipereke kwa munthu ipite ku Ntcheu miyezi itatu.

Chinandidabwitsa choyamba n'chakuti makamera amenewa asowa. Ndinazungulira masitolo a zamagetsi atatu, onse akundilozera mafoni. Pambuyo pake ndinawerenga kuti makampani a m'bungwe la opanga makamera la ku Japan lotchedwa CIPA anatumiza m'misika makamera oposa 120 miliyoni m'chaka cha 2010, koma pofika 2023 sanakwane n'komwe 8 miliyoni. Mafoni anadya msika wonse. Kenako achinyamata a pa TikTok anayamba kukonda timakamera takale, akuti zithunzi zake za fulashi zimaoneka mosiyana ndi za foni, basi mitengo ya zogwiritsidwa kale ntchito n'kukwera. Canon G7 X Mark III, ya 2019, inafika posowa ngati shuga nthawi ya mavuto. Zimene azungu ankataya m'madirowa zasanduka golide.

M'kusowa mmenemo ndi mmene ndinapusitsidwira. Loweruka lina m'tauni, mnyamata wa pa kasitolo kena anandionetsa kamera yatsopano ili m'bokosi, yonyezimira, dzina lake losadziwika. Pabokosipo panalembedwa manambala akuluakulu: 48 megapixel, 4K, 16x zoom. Ndinawerengera mumtima kuti Canon imene ndinaiona pa Facebook inali ya mamegapixel 20 chabe, ndiye iyi yaposa kawiri. Ndinatulutsa R750 osanenerera n'komwe. Pa kagalasi kake kakumbuyo zithunzi zinkaoneka bwino. Nditakatsukitsa zinayi, nkhope ya mwana wanga inatuluka ngati yopakidwa phala, maso ndi mphuno zosasiyanitsika bwino. Nditabwerera ku sitolo kuja, mnyamatayo anangondilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Amene ananditsegula maso ndi mdala wina wokonza makamera, amene abwana anandituma kwa iye kukasiya kamera yawo yaikulu. Kashopu kake n'kodzaza ndi timasikuluwu ndi magalasi, iyeyo atavala kagalasi kokuzira zinthu pamphumi. Ndinamuonetsa kamera yanga ija. Anaitembenuza kawiri, anaiyatsa, n'kundiuza kuti ndidine batani la zoom uku ndikuyang'ana kutsogolo kwake. Palibe chinasuntha. "Waona? Galasi silikuyenda. Ikungodula pakati pa chithunzi n'kupafufumitsa. Zoom yeniyeni amalemba kuti optical, ndipo lenzi imatuluka n'kubwerera. Iyi ndi digital, ndi yofanana ndi kukoka chithunzi ndi zala pa foni."

Za mamegapixel, nambala ija yonena kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, anaseka. Anati makamera opanda dzina ambiri amakhala ndi kasensa kotchipa, kenako makina ake amangochulukitsa timadontho kuti nambala ikule pabokosi. Anatenga pepala n'kujambula timabokosi tiwiri. Koyamba kanali kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, pafupifupi mamilimita 6 ndi 4.5. Anati imeneyo ndi sensa ya 1/2.3, imene ili m'makamera aang'ono ambiri otsika mtengo. Kachiwiri kanali ka mamilimita 13.2 ndi 8.8, kamene amati 1 inchi ngakhale sikakwana inchi, ndipo malo ake ndi aakulu pafupifupi kanayi. Sensa ndiyo imalandira kuwala, ndiyo inalowa m'malo mwa filimu ija ojambula a panjinga ankayenda nayo kwathu.

Apa ndinamva msanga chifukwa ndi nkhani ya kumunda. Ukakhala ndi kadimba kakang'ono n'kubzalamo mapando a ekala yonse, chimanga chimamera ndithu, koma chimalimbirana dzuwa ndi chakudya, mapesi ake n'kukhala owonda. Timadontho 20 miliyoni pa sensa yaing'ono n'chimodzimodzi, kalikonse kamalandira kuwala kochepa. Masana panja sudziwa kusiyana kwake. Kukangoyamba kuda, kapena ukalowa m'tchalitchi, chithunzi chimadzaza timchenga. Timadontho tomweto pa sensa yaikulu timapuma bwino.

Ndinamufunsa kuti nanga pamafunika mamegapixel angati. Anawerengera papepala pomwepo. Chithunzi cha jumbo, chija cha masentimita 10 ndi 15 chimene timaika mu alubamu, chimakwanira ndi mamegapixel awiri ndi pang'ono. Chachikulu ngati pepala la A4 chimafuna osakwana 9. Ndiye kamera iliyonse ya 12 kapena 16 ya kampani yodziwika ili ndi zokwanira n'kutsalako. Anandionetsanso timanambala tolembedwa mozungulira lenzi, tokhala ndi f kapena 1: kutsogolo. Nambala ikachepa ndiye kuti chibowo cholowera kuwala n'chachikulu. Ya 1.8 imaona mumdima kuposa ya 3.2, zosemphana ndi mmene mutu wanga unkaganizira.

Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa Sony RX100, yoyamba yeniyeni ya 2012. Sensa ya 1 inchi, lenzi ya 1.8, thupi lachitsulo, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha USB ngati foni. Anandilola kujambula m'shopu momwemo, mopanda fulashi. Abale, tsitsi lililonse la ndevu zake linaoneka palokha. Mtima unapita. Koma atatchula mtengo ndinaibweza ndi manja awiri. Kuno malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali R27.58 pa ola kuyambira mu Marichi 2024, ndipo ine sindili kutali ndi pamenepo. Kamera ya zaka zoposa khumi inkafuna pafupifupi malipiro anga a mwezi wathunthu, lendi ndi ya feteleza wa amayi zili pomwepo. Za Ricoh GR III ndi Fujifilm X100VI anangozitchula ngati mmene munthu amatchulira ndege.

Mdalayo anandifunsa funso limene ndikanayenera kudzifunsa ndisanataye R750 ija: kamerayi izikhala kuti, ndipo aziigwira ndani? Nditamufotokozera za basi ndi za kumudzi, anasiya za sensa n'kuyamba za mabatire. Makamera aang'ono ambiri ali ndi batire lakelake, lopyapyala, lolowa mu chaja yakeyake. Canon IXUS 185, mwachitsanzo, ndi kamera yabwino ya zoom ya 8x, koma batire lake ndi la mtundu wa NB-11L, ndipo ukataya chaja uli pa Lizulu ndiye kuti kamera yagona mpaka achemwali adzabwerenso kuno. Onjezani nkhani ya pulagi. Ya kuno ndi ya mano atatu obulungira, ya kwathu ndi ya mano atatu a makona ngati ya ku Britain, ndiye pafunikanso adaputala. Kwathu kumudzi magetsi kulibe, kuli kasola kotchajira mafoni basi.

Tinagwirizana pa Nikon Coolpix A10 yogwiritsidwa kale ntchito, ya 2016: mamegapixel 16, zoom yeniyeni ya 5x, sensa yaing'ono ija, koma imadya mabatire awiri a AA, aja a m'tochi. Yatsopano yofanana nayo imene inkapezeka ndi Kodak PixPro FZ45, nayonso ya AA. Ndikudziwa kuti ndinasankha yotsika. Nditaona zimene RX100 imachita, ndinadziwa bwino chimene ndikusiya. Koma kamera yoti izigwidwa ndi ana a sitandade 7, izigona m'chikwama cha kaunjika pa Beitbridge, igwe n'kudzuka, sindingaiike ndalama ya mwezi. Ndikanakhala nazo ndikanatenga Olympus Tough TG-6, imene imalowa m'madzi mpaka mamita 15 ndipo fumbi siliiopsa, chifukwa chimene chimapha timakamera timeneti ndi mchenga wolowa mu lenzi yotuluka ija.

Asanandipatse anandiphunzitsa kuyesa kamera yakale, ndipo izi ndikulembera inu amene mumagula pa Facebook kapena m'masitolo a pinyolo. Iyatseni ndi kuizimitsa kangapo muli chete, mumvetsere lenzi. Ikamalira ngati mphero yotha mano, isiyeni. Tsegulani kachitseko ka mabatire muone ngati mulibe zoyera kapena zobiriwira ngati ndere, chizindikiro chakuti batire linatayikiramo. Ngati ndi batire lopyapyala lija, liikeni pa tebulo. Likamagwedera ndiye kuti latupa. Kenako kokani zoom mpaka kumapeto, mujambule khoma loyera kapena thambo, muone ngati palibe madontho akuda, chifukwa fumbi la mkati mwa kamera yotere kulichotsa kumadula kuposa kamerayo. Fulashi nayo muiyese. Za memory card, makamera akale kwambiri sawerenga makadi a 64GB kupita m'mwamba, ena amalekera pa 2GB, ndipo ena a Sony ndi Olympus akale ali ndi makadi awoawo osowa. Ine ndinagula awiri a 16GB m'sitolo yodalirika, chifukwa a m'misewu ena amalembedwa nambala yabodza, ukajambula zambiri zoyamba zija zimawonongeka.

Chimene sanandiuze ndinachiphunzira ndekha. Mabatire otchipa aja timagula pa okala oika mu wailesi, kamera imawamaliza musanajambule n'komwe zithunzi 20. Imafuna olembedwa alkaline, kapena otchaja a NiMH. Ndinagula anayi otchaja ndi kachaja kawo ka USB kolowa pa sola.

Miyezi iwiri yoyamba ndinajambula za kuno, ndipo ulendo uno galimoto ya abwana sindinaiyandikire. Ndinajambula kachipinda kathu, bedi ndi sitovu zili moyang'anana. Ndinajambula mzere wa mateksi 5 koloko m'mawa, maluwa amene ndinabzala ndekha, kwaya ya Amalawi ya kutchalitchi kwathu, ndi mitengo ya jacaranda itachita maluwa mu Okutobala. Za m'tchalitchi zinatuluka za mchenga monga mdala uja ananenera, kupatula zimene ndinayandikira mapazi atatu kapena anayi n'kuyatsa fulashi. Za panja zinali zoyera bwino. Ndinaphunziranso kudina batani theka kaye, kudikira kabokosi kobiriwira, kenako n'kumaliza, zigongono zili zomata m'nthiti. Ndinasankha 30 n'kutsukitsa za jumbo, chimodzi cha mwana n'kuchikulitsa.

Mu Disembala achemwali ananyamuka nayo pa Park Station, nditaikulunga mu sokosi n'kuiika m'kabokosi ka pulasitiki koikamo chakudya. Inadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, mpaka inalowera pa Dedza. Inabwerera mu Malichi ili ndi kachipsera pakona, ikununkha utsi.

Mu card munali zithunzi 412. Zoposa theka zinali za mwana wa achemwali ndi anzake akudzijambula okha, zala ziwiri m'mwamba. Mbuzi imodzi yokha inajambulidwa ka 23. Zonse zinali ndi deti la 2016, chifukwa anachotsa mabatire kwa masabata angapo kukaika mu tochi, wotchi ya kamera n'kubwerera pachiyambi. Koma munalinso chimanga chili ndi ngayaye, denga latsopano la malata limene ndakhala ndikutumizira ndalama osaliona, ndi manda a abambo atalambulidwa. Chakumapeto kwenikweni kunali amayi, atakhala pampando wa ndalema m'chipinda chochezera, atavala chitenje cha Mvano, maso atatsinzina pang'ono chifukwa cha fulashi. Kumbuyo kwawo pakhoma, pakati pa kalendala yakale ndi wotchi yosayenda, panali chithunzi cha mwana wanga chija, chokhomedwa ndi misomali inayi.