Gautrain kuchokera pa OR Tambo: yachangu, koma muwerenge kaye mitu ndi zikwama

Kwa munthu amene watera masana pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg kuchokera ku Lilongwe kapena Chileka, ali yekha ndi chikwama chimodzi, palibe njira yoposa sitima yapamtunda ya Gautrain. Kukafika ku Sandton, dera la zamalonda mumzindawu, ndi mphindi pafupifupi 15, pamene galimoto yodzera mumsewu wa R24 nthawi yoweruka imangokwawa. Sitimayi inayamba kuyenda pa 8 June 2010, kutatsala masiku atatu kuti mpira wa World Cup uyambe, ndipo imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola.

Siteshoni ili m'bwalo la ndege momwemo, m'mwamba, pakati pa Terminal A ndi B. Mukangotuluka kotengera katundu tsatirani zikwangwani. Tikiti yapepala kulibe. Mumagula khadi la Gautrain pawindo kapena pa makina n'kuikamo ndalama, kapena mumagunditsa khadi la kubanki pageti. Aliyense akhale ndi lake, limodzi silingadutsitse anthu awiri. Khadi lomwe mwalowera ndi lomwe mutulukire, chifukwa makina amawerengera mtengo potuluka. Mukasinthanitsa, ulendo umaoneka ngati sunathe ndipo mumadulidwa ndalama zambiri.

Pomwe ambiri amasokonekera ndi posintha sitima. Yochokera ku bwalo la ndege imathera pa Sandton basi. Wopita ku Midrand, Centurion, Pretoria kapena Hatfield atsike pa Marlboro n'kukwera yolowera kumpoto. Wopita ku Rosebank kapena Park Station, kumene kumanyamukira mabasi ena opita ku Malawi, asinthe pa Sandton. Musatuluke pageti posinthapo, ingosamukani pulatifomu. Siteshoni ya Sandton ili pansi penipeni panthaka, ndiye ngati muli ndi sutikesi yolemera dikirani chikepe, osalimbana ndi masitepe oyenda okha aja.

Mtengo ndiye woboola m'thumba. Kachigawo ka ku bwalo la ndegeka kali ndi mtengo wakewake, wopitirira R200 munthu mmodzi, pomwe ulendo wautali wochoka ku Park kukafika ku Pretoria ndi wotsikirapo. Mukakhala atatu kapena anayi, galimoto yoitanitsa pafoni nthawi zambiri imatchipa, n'kukakutulaninso pakhomo. Amalonda obwerera ndi zikwama zazikulu zamizeremizere zija aganize kawiri: mageti ndi opapatiza, ndipo matilole a pabwalo la ndege simupita nawo m'sitima.

Nthawi nayo njofunika kuiyang'ana. Sitima siziyenda usiku wonse. Ikamakwana 10 koloko usiku zimakhala zitaweruka kale, choncho ndege yanu ikachedwa konzani njira ina musanatere. M'mawa ndi madzulo zimabwera pafupipafupi, koma masana ndi kumathero a sabata mumadikirirako. Mabasi a Gautrain otenga anthu pa masiteshoni ndi odalirika mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu musawawerengere.

M'kati ndi mwaukhondo, alonda ali ponseponse, ndipo ukhondowo uli ndi mtengo wake. Kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu n'koletsedwa, pasiteshoni ndi m'sitima momwe, ndipo akakupezani pali chindapusa. Mtedza wa kumudzi uja ukhale kaye m'chikwama.

Njanji yake ndi yotakata mamilimita 1,435, pomwe ya sitima wamba za Metrorail, monganso ya kwathu ku Malawi, ndi 1,067. N'chifukwa chake sitima za mitundu iwiriyi sizingabwerekane njanji, ndipo wopita ku Tembisa kapena Soweto amayenera kutsika n'kusintha, kaya pa Rhodesfield kapena pa Park. Masiteshoni onse alipo 10 okha pa mtunda wa makilomita 80. Ngati tikiti yanu ya ndege yalembedwa Lanseria, bwalo lina la ndege la Johannesburg, iwalani za sitima: njanji siifikako.

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo yapita chifukwa cha mtengo ndi kuweruka msanga.