Kachipangizo kodziyezera HIV ka OraQuick: pepala la malangizo ndilo landigwira mtima

Ndimathandiza kugawa zipangizo zodziyezera HIV kwa achinyamata ndi azibambo a m'dera lathu, ndipo ndikamayamikira OraQuick sindiyambira pa kachipangizoko ayi. Ndimayambira pa pepala la malangizo lomwe limabwera m'paketimo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kachipangizoka mu 2017. Sikafuna magazi, kamagwiritsa ntchito timadzi ta m'nkhama. Koma munthu akakhala yekha m'chipinda, popanda namwino womufunsa, chomutsogolera ndi pepalalo basi. Amene analemba pepalali anaganizira mphunzitsi wa ku sekondale komanso msodzi amene sukulu anailekera sitandade 3. Gawo lililonse lili ndi nambala yake ndi chithunzi chake, ndipo mawu ndi ochepa. Chithunzi chimaonetsa kabotolo ka timadzi toyezera kataimikidwa pa choimikira chake, kenako dzanja likupititsa kachipangizoko pa nkhama za m'mwamba kamodzi, za m'munsi kamodzi. Kamodzi kokha, osati kutsuka ngati mswachi. Apa ndi pomwe ambiri akanasokonezeka pakanakhala mawu okha.

Nthawi nayo anaifotokoza mosapita m'mbali. Usadye kapena kumwa kanthu mphindi 15 usanayambe. Ukaviika kachipangizoko m'kabotolo, dikira mphindi 20, koma usawerenge zotsatira pakadutsa mphindi 40. Mzere umodzi ukaoneka pa chilembo C pa kachipangizoko ndiye kuti kachilombo sikanapezeke. Mizere iwiri, pa C ndi pa T, ndiye kuti upite kuchipatala akakuyezenso kuti atsimikize. Mzere wa pa C ukapanda kuoneka, kuyezako sikunatheke.

Pali zina zomwe chithunzi sichingathe kunena, ndipo ine ndimazinena pakamwa nthawi zonse. Munthu amene akumwa kale ma ARV asadziyeze ndi kachipangizoka, chifukwa kangaonetse mzere umodzi iye n'kuganiza kuti wachira, n'kusiya mankhwala. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse. Komanso kachilombo kolowa m'thupi posachedwa sikaoneka msanga, kotero amene wagonana mosadziteteza masiku apitawa adzayezenso pakatha miyezi 3.

Kwa anzanga ogawa, musangopereka paketi n'kuchoka. Tsegulani pepalalo pamodzi ndi munthuyo, muloze chithunzi cha nkhama ndi cha mizere, ndipo mufunseni ngati akumwa ma ARV asanalinyamule kupita nalo kunyumba.